Makope kutha, mapensulo kusowa teremu isanafike pakati: tingasunge bwanji zipangizo za sukulu pakhomo?

Funso: Ndine mayi wa ku Santhe m'boma la Kasungu. Ndili ndi ana atatu apasukulu, mtsikana wa Sitandade 7, mnyamata wa Sitandade 4 ndi wina wa Sitandade 1, komanso wamng'ono amene wangoyamba kuyenda. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, yofolera ndi udzu. Teremu ikamayamba timagula zonse, koma pofika sabata yachinayi mapensulo asowa, makope athothoka, ena anyowa, ena adyedwa ndi chiswe. M'mawa uliwonse ndi mkangano. Bambo awo akuti anawa ndi osasamala. Tichite bwanji poti ndalama ya kabati tilibe?

Yankho: Mayi, bambo a anawo ali ndi mfundo, koma yaing'ono. Mwana wa zaka 6 kutaya pensulo n'chibwana chimene chimatha akamakula. Zina mwatchulazi, kunyowa, chiswe, kuthothoka ndi mkangano wa m'mawa, gwero lake lili m'nyumba momwemo: katundu wa teremu yonse amaperekedwa kwa ana tsiku limodzi, ndipo chikwama chilibe pogona pake. Lero chagona pamphasa, mawa pamwamba pa thumba la chimanga, mkuja kuseri kwa chitseko. Kabati isakudetseni nkhawa. Chofunika n'kugawa katunduyu patatu: zimene mwana akugwiritsa ntchito panopa, zatsopano zimene zikudikira nthawi yake, ndi makope akale odzaza. Zoyambazo ndi za mwana, asunge yekha. Zinazo ndi zanu, mwana asazigwire inu palibe. Paja chimanga cha m'nkhokwe sitipita nacho chonse kuchigayo tsiku limodzi.

Tiyambe ndi pogona zikwama. Pezani thabwa lotalika mita imodzi, mukhomepo misomali itatu ya mainchesi 4 motalikirana masentimita 30, msomali umodzi mwana mmodzi. Muipindire m'mwamba pang'ono kuti lamba wa chikwama asamapulumuke. Musakhome misomaliyi pakhoma penipeni. Ngati khoma ndi la zidina, msomali umayamba kugwedera pakangotha masabata ochepa chifukwa cha kulemera kwa mabuku, kenako umazuka ndi dothi lomwe. Komanso chikwama chotsamira khoma chimayamwa chinyezi chake. Thabwalo mulimangirire ndi waya kumtanda wa denga, kumbuyo kwake muikeko tizidutswa tiwiri ta mtengo kuti pakati pa chikwama ndi khoma pazilowa chikhatho. Misomali ikhale pa masentimita 130 kuchokera pansi. Wa Sitandade 1 adzafikira, koma wamng'onoyo sadzafikira zipi.

Khoma labwino ndi logawa zipinda, osati lakunja limene mvula imawomba. Denga la udzu limadontha malo omwewo chaka ndi chaka, choncho mvula yoyamba ikamagwa yang'anani bwino ngodya imene mwasankhayo. Ngati pofolera simunayale pulasitiki yakuda ija, yalani mamita awiri pamwamba pa ngodyayo, mbali imodzi ikhale yotsikirapo kuti madzi asamaunjikane n'kudzakhuthukira pamabuku nthawi imodzi. Ngati nthawi ya mvula mumaphikira m'nyumba, zikwama zitalikirane ndi moto, chifukwa mwaye umadetsa masamba ndipo suchoka.

Za chiswe ndi zimene zimapweteka kwambiri, poti mumazindikira ntchito itatha kale. Chiswe chimachokera m'nthaka, chimamanga timisewu tadothi pakhoma, pamwendo wa bedi ngakhale pamapaso, ndipo chimakonda malo amdima amene sasunthidwa. N'chifukwa chake katoni ya mabuku yolowetsedwa pansi pa bedi ndiyo imayamba kutha: katoniyo payokha ndi chakudya cha chiswe, pansi pake pamakhala chinyontho, ndipo palibe amene amayikoka mpaka teremu ithe. Pansi pozira ndiye poopsa, koma ndi simenti yomwe chimadutsa ikakhala ndi ming'alu. Kukweza katoni panjerwa sikukwanira, chimakwera njerwazo. Pamwamba pa njerwa iliyonse ikani chidutswa cha lata chotambalala kuposa njerwayo, m'mphepete mwake mopindira pansi. Latalo silipha chiswe, koma limachikakamiza kumanga msewu wake poonekera, inu n'kuuphwanya. Loweruka lililonse posesa, sunthani zonse, suzumirani kuseri kwa thabwa la zikwama lija. Mankhwala a m'munda kapena othira m'chimanga musawaze pamakope ngakhale pang'ono. Ana amanyambita chala potsegula masamba.

Khoswe ndi mphemvu amatsatira fungo la chakudya. Mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mbatata yootcha, chitumbuwa chokulunga papepala, kapu ya phala yosatsuka, zonsezi zikagona m'chikwama, khoswe amaboola pansi pake pofuna njere ziwiri zokha, n'kudyeratu ngodya za makope podutsa. Kamba wa kusukulu akhale m'kathumba kake, ndipo mwana akangofika atulutse. Khoswe amatsikanso ndi waya kuchokera kudenga. Boolani pakati pa mbale yakale yachitsulo kapena chivindikiro cha chitini chachikulu, mulowetse waya, mupinde mfundo pansi pake kuti chiime pakatikati. Akachiponda chimapendekeka, iye n'kugwa.

Tsopano zatsopano zija. Chosungira chabwino koposa pakhomo ngati panu ndi ndowa ya pulasitiki ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro chothina. Mvula silowa, chiswe ndi mphemvu zilibe podzera, khoswe amavutika nayo. Isakhale imene munasungiramo mankhwala a fodya, parafini kapena mafuta ophikira. Itsukeni, iume tsiku lathunthu padzuwa, m'kati mwake pansi muyale nsalu youma, makope muwaimike chilili msana uli m'mwamba kuti asapindike. Mapensulo, malabala ndi mabolopeni akhale m'kabotolo kapena m'chitini chawo m'kati momwemo. Cholakwika chimene ambiri amachita n'kutsekera zinthu zachinyezi. Ndowa yotseka imasunga chinyezi chimene mwatsekeramo, ndiye makope amachita chuku ndipo timawaya ta pakati timachita dzimbiri. Kamodzi pamwezi, tsiku limene kwacha bwino, itseguleni pakhonde kwa ola limodzi. Ndowayi isakhale padzuwa kapena pansi penipeni pa malata, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala kumasungunula inki, bolopeni n'kudontha isanalembepo.

Lamulo la ndowa ndi limodzi: chakale chibwere, chatsopano chituluke. Wofuna kope aonetse lakale lodzaza mpaka tsamba lomaliza. Wofuna bolopeni abweretse yotha inki. Wofuna pensulo abweretse kachidutswa kofupika kuposa chala chake chaching'ono. Wotsegula ndowa akhale munthu mmodzi, kaya inu kaya bambo awo, ndipo tsiku lake likhale lodziwika, mwina Lamlungu madzulo. Mukatsegula m'mawa ana akuchedwa, mudzangopereka osafunsa. Kunsi kwa chivindikiro matanipo pepala logawa patatu, mwana aliyense mbali yake, ndipo chilichonse chotuluka muzilemba tsiku lake, kapena kamzere chabe. Teremu ikamatha pepalali lidzakuuzani zoona za mwana aliyense, ndipo pogula ulendo wotsatira simudzaganizira. Nanga amene wataya? Musam'maniretu, chifukwa mwana wopanda cholembera amangokhala m'kalasi tsiku lonse, mwinanso kuyamba kutola za anzake. Mupatseni kachidutswa kamodzi mwa tija tinabwezedwa. Chatsopano adikire Lamlungu.

Kuchuluka kwa makope kumawerengeka. Teremu imakhala ya masabata pafupifupi 13, ndiwo masiku 65 ophunzira. Mwana wolemba tsamba limodzi la masamu patsiku akwanira ndi kope limodzi la masamba 80. Wa Sitandade 7 amene amalemba masamba awiri afunika makope awiri a masamu okha, chimodzimodzinso Chingerezi. Maphunziro ake ndi ambiri: Chichewa, Chingerezi, masamu, sayansi, ulimi, Social, Life Skills, Expressive Arts ndi za Baibulo kapena zipembedzo. Poyambira muwerengere makope 12 kapena 13 kwa iyeyu, 7 kapena 8 kwa wa Sitandade 4, ndi atatu kapena anayi a masamba 40 kwa wa Sitandade 1. Onse pamodzi ndi madazeni awiri pateremu. Wa Sitandade 1 musam'patse kope lalikulu, limatha ndi litsiro lisanadzaze. Pa maphunziro okopera notsi, mtsikanayo mugulireni mahadikava ngati thumba likulola. Ndi okwera mtengo, koma limodzi limatha chaka, ndipo notsi zimenezi adzazifuna ku Sitandade 8. Musanagule funsani aphunzitsi awo, chifukwa ena amafuna kope la mabokosi pa masamu, ena amalola maphunziro awiri m'kope limodzi, lina kuyambira kutsogolo lina kumbuyo.

Nthawi yogulira ndi nkhani yaikulu kuno. Ndalama za fodya, soya ndi mtedza zimagwa m'manja pakati pa Epulo ndi Ogasiti, chaka cha sukulu chimayamba mu Sepitembala, pomwe teremu yachiwiri imatsegulira mu Januwale, ndalama zitathera kufeteleza ndi kwa aganyu. Choncho makope a materemu awiri oyamba mugule nthawi yokolola. Pepala silionongeka likakhala pouma. Mabolopeni okha ndiwo mugule a teremu imodzi, anayi kapena asanu kwa mwana wolemba kwambiri, poti amauma akakhalitsa. Kugula limodzilimodzi paokala kumadya ndalama zambiri. Gwirizanani ndi anzanu awiri atatu, kaya a kubanki mkhonde, mukapikule pamodzi kuholoselo ku Kasungu boma n'kudzagawana. Posankha, kwezani tsamba limodzi kuloza kowala. Likamaonetsa zala zanu bwinobwino ndi lopyapyala, inki idzatulukira kuseri ndipo mwana azidzalemba mbali imodzi yokha, ndiye kope la masamba 80 lasanduka la 40. Werenganinso mapepala a kope limodzi, akhale 40 ngati pachikuto palembedwa 80. Bolopeni iliyonse ilembe pamaso panu, ndipo za pabenchi zimene zakhala padzuwa tsiku lonse zisiyeni.

Kope lisanapite kusukulu lichitidwe zinthu ziwiri: kusokedwa ndi kukutidwa. Makope amagwiridwa ndi timawaya tiwiri pamsana. Mwana akamapinda kope n'kulowetsa m'thumba la kabudula, kapena timawayato tikachita dzimbiri m'dzinja, pepala limang'ambika mozungulira waya, chikuto ndi masamba a pakati n'kuyamba kuchoka. Tsegulani kope pakati penipeni, muboole mabowo atatu pamsana, limodzi pakati, ena masentimita 3 kuchokera kumtunda ndi kumunsi. Tengani ulusi wa telala wophatikiza kawiri. Singano iyambire m'kati pabowo lapakati kutulukira kunja, ilowe pabowo lakumtunda, iyende m'kati mpaka bowo lakumunsi n'kutulukira kunja, kenako ibwerere m'kati pabowo lapakati lomwe lija. Nsonga ziwirizo muzimange mozinga ulusi wautali wadutsa pakatiwo. Ndi ntchito ya mphindi zitatu, ndipo mtsikana wa Sitandade 7 angathe kusoka ake ndi a alongo ake omwe akaona kamodzi.

Pokutira, pepala la khaki, kalendala yakale kapena pepala la m'kati la thumba la simenti lokung'untha bwino ndi zolimba kuposa nyuzipepala, imene imang'ambika msanga ndi kudetsa manja. Siyani masentimita 4 mbali zonse opindira m'kati, mumate ndi selotepi. Musamate ndi phala la ufa kapena la chinangwa, pamenepo mwaitanira mphemvu kuphwando. Dzina, kalasi ndi phunziro zilembedwe pachikuto, komanso patsamba loyamba ndi pakati pa kope, chifukwa wotenga kope la mnzake amangochotsa chikuto basi. Wa Sitandade 1 sanayambe kuwerenga, ndiye mwana aliyense akhale ndi mtundu wake. Wina ulusi wofiira, wina wobiriwira, wina wachikasu, ndipo ulusi womwewo usokere makope ake, umangidwe pachikwama chake ndi pamsomali pake. Mkangano wa "changa ichi" umathera pomwepo.

Chinanso chimene chimamaliza makope n'kung'amba masamba. Pepala lililonse la kutsogolo lili ndi mnzake kumbuyo, ndi pepala limodzi lopindidwa. Mwana akang'amba tsamba la 5 kuti alembepo mayeso kapena apange ndege, mnzake wa kumbuyo amagwa yekha. Auzeni kuti zikavuta azizula awiri a pakati penipeni. Koma njira yeniyeni n'kuwapatsa kope la rafu. Makope a chaka chatha amakhala ndi masamba osalembedwa kumapeto. Dulani amenewo, muphatikize 20 kapena 30, musoke m'mbali ndi ulusi. Kope limeneli mwana ang'ambe mmene angafunire.

Pensulo ya wa Sitandade 1 muidule pakati ndi mpeni wakuthwa, mum'patse theka. Akataya, mwataya theka. Mapensulo anayi mpaka asanu ndi limodzi a HB ayenera kum'fikitsa kumapeto kwa teremu. Chakumapeto kwa pensulo semani kamzere mozungulira, mumangepo chingwe cha masentimita 50, nsonga inayo imangidwe kuchikwama. Musam'veke m'khosi, ana amakokana posewera. Palani pang'ono mbali imodzi mulembepo chilembo choyamba cha dzina lake. Labala nalonso lidulidwe patatu. Pensulo imene ikungothyokathyoka posongola ndiye kuti khala lake linasweka m'kati pamene inagwa, kapena shapena yabuntha. Yesani shapenayo papensulo ina musanakalipire mwana. Kusongola kuzichitika kunyumba madzulo. Lezala lisalowe m'chikwama: limacheka zala, limang'amba chikwama, ndipo ana amabwerekana, zimene achipatala amaletsa chifukwa cha matenda odzera m'magazi.

Bolopeni yoonekera m'kati njosavuta kuizindikiritsa. Lembani dzina pakapepala kakang'ono, mukakulunge, mukalowetse m'kati mwa chikhokhombe chake. Koma muyang'anenso akuba a m'nyumba momwemo. Bolopeni zambiri za ana zimatha ndi akuluakulu: bambo akufuna kulemba mabelo a fodya kapena masiku a aganyu, mayi akupita kumsonkhano wa mpingo, mlendo akufuna kulemba nambala ya foni. Kope la mwana limazulidwa pepala lokulungira mchere, loyatsira moto, mwinanso lopichirira chingambwe cha agogo. Mwana akaona akulu akutero, mawu anu oti asamale sakhalanso ndi mphamvu. Gulani bolopeni imodzi ya pakhomo, muimange ndi chingwe pamsomali wake pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi kope limodzi la pakhomo.

Kabokosi ka zipangizo za masamu ka mtsikanayo, kamene muli kampasi, lula ndi zoyezera ngodya, kasamapite kusukulu tsiku lililonse, kazingopita tsiku limene aphunzitsi anena. Chimene chimayamba kusowa ndi kasikuluwu ka kampasi, ndipo kakasowa kampasi yatha ntchito, choncho muzikamanga ndi nsonga ya mpeni nthawi ndi nthawi. Lula ya masentimita 30 imathyoka ikaikidwa mopingasa m'chikwama. Ilowe m'kati mwa hadikava. Zitsekerero za mabotolo kapena timitengo towerengera ta wa Sitandade 1 tikhale m'kathumba kansalu komanga pakamwa. Zonsezi, kuphatikizapo zivindikiro za mabolopeni, n'zoopsa kwa wamng'ono wanuyo, amene chilichonse amaponya m'kamwa. Mtsikanayo akhalenso ndi kathumba kake kobisika kosungiramo zovalira pa nthawi ya kumwezi, ndipo anyamatawo adziwe kuti chikwama cha mlongo wawo satsegula.

Chikwama chogula pamsika chimafera pawiri: pazipi ndi pamene lamba walumikizana ndi thupi lake. Chisanayambe ntchito, pitani nacho kwa wosoka nsapato abwereze malo amenewa ndi ulusi wolimba. Zipi ikayamba kulimba ipakeni kandulo. Chosoketsa kwa telala ndi jinzi yakale kapena chitenje chophatikiza kawiri chimakhalitsa kuposa zambiri zogula. Chikhale masentimita 30 m'lifupi ndi 38 m'litali kuti hadikava ilowe osapindika, malamba awiri otambalala masentimita 4 kapena 5, ndi kathumba kam'kati ka zolembera. Nsalu siletsa madzi, ndiye kuyambira Novembala mpaka Epulo makope azilowa kaye m'pulasitiki yolimba, pakamwa pake popindira pansi. Paketi ya shuga imene ana akhala akunyamuliramo makope kuyambira kale imagwira ntchito, bola itsukidwe ndi kuumitsidwa, apo ayi nyerere zidzadzaza chikwama. Majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 boma lidaletsa, komanso amabooka ndi ngodya ya kope tsiku lomwelo. Thumba la feteleza mungasoke chikwama, koma lichapidwe kambirimbiri ndi sopo, chifukwa zotsalira za feteleza zimakoka chinyezi ndipo zimayabwa pakhungu.

Kope likanyowa, musalitseke n'kulisiya m'chikwama kapena m'pulasitiki mpaka mawa. Masamba amamatana, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu chuku chayamba. Musaliyanikenso pamoto kapena padzuwa lamphamvu, limakwinyika n'kuuma gwa. Kaye lipukuteni pomadinda ndi nsalu youma, osakhula. Pakati pa masamba khumi alionse lowetsani pepala louma, muzisintha likanyowa. Kenako liimikeni chotsegula pamthunzi podutsa mphepo. Likatsala pang'ono kuumiratu, litsekeni muliike pakati pa matabwa awiri, pamwamba mutsike njerwa usiku wonse. Masamba omatana musakoke akadali onyowa kwambiri, dikirani achite mnyontho chabe n'kuwalekanitsa ndi msana wa mpeni. Zolemba ndi pensulo zimapulumuka, za bolopeni wamba zimawerengekabe, koma za zolembera za inki yamadzimadzi zimafufutika, ndiye zimenezo musagulire ana m'dzinja.

Mkangano wa m'mawa umathetsedwa madzulo. Mwana aliyense akopere ndandanda wa maphunziro ake, mumate pamwamba pa msomali wake. Kusanade, atatha homuweki, aliyense alongedze za mawa zokha, asongole pensulo, atseke zipi, apachike. Mphindi khumi zakwana. Inu musawalongedzere, kungoima pomwepo n'kuwerenga nawo: makope angati, cholembera chilipo, labala lilipo. Wa Sitandade 1 yekha ndiye muthandize kwa masabata oyamba. Makope osafunika mawa atsale m'kathumba kachiwiri pamsomali womwewo. Kunyamula onse tsiku lililonse kumapweteka msana, komanso mvula ikawapeza panjira anyowa onse. Azaumoyo ambiri amalangiza kuti chikwama chisapitirire kwambiri gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa mwana, ndiye kuti mwana wa makilogalamu 25 anyamule pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka. Lachisanu chikwama chikhuthulidwe chonse, chitembenuzidwe, chikung'unthidwe. Pamenepo m'pamene mumapeza makalata a aphunzitsi oiwalika ndi mapensulo amene amati anasowa.

Malo olembera nawonso akhale amodzi. Ngati tebulo palibe, kathabwa kosalala ka masentimita 30 kwa 40 koika pamiyendo kamateteza kope kudothi ndi kumadzi a pansi. Nyali ya sola ikhale ndi msomali wake pompo. Koloboyi kapena kandulo zikhale patali ndi mapepala, pansi pa denga la udzu sitichita nazo masewera, ndipo parafini akadontha pakope inki imamwazika.

Mabuku a boma amene mwana wabwereka kusukulu asasakanizidwe ndi a pakhomo. Maphunziro a pulayimale aulere adayamba mu 1994, ndipo mabuku ophunzirira, amene amakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, ndi katundu wa sukulu amene ana angapo amadalira buku limodzi. Likabwera likutidwe tsiku lomwelo, lilembedwe papepala la pachivindikiro lija pamodzi ndi nambala yake ngati lili nayo, ndipo likabwezedwa mufufute. Likasowa, ndi inu amene mudzaitanidwe kuofesi ya ahedi.

Makope odzaza musataye onse. A Sitandade 1 mpaka 4, mukachotsa masamba oyera, sungani limodzi kapena awiri, ena agwire ntchito zina. Koma kuyambira Sitandade 5 asungidwe onse, chifukwa mayeso a MANEB a Sitandade 8 amafunsanso za m'makalasi a m'mbuyo, ndipo mtsikana wanu watsala ndi chaka chimodzi. Amangeni m'mitolo, phunziro lililonse mtolo wake, pamwamba kapepala kosonyeza kalasi, alowe m'ndowa yachiwiri kapena m'sutikesi yokwezedwa. Mnyamata wa Sitandade 4 adzawerengamo, koma asadzangokopera, chifukwa zolakwa za mlongo wake adzatengera limodzi. Masukulu lipoti, malisiti, kalata ya transifa ndi chiphaso chobadwira zikhale m'envulopu ya pulasitiki, mwana aliyense yake, m'kati mwa ndowa ya zatsopano, pansi penipeni. Malisiti oterera a pamakina amafufutika okha pakapita miyezi, choncho ajambuleni pafoni kapena muchititse fotokope akadali owerengeka.

Nyengo yokolola nyumba imadzaza matumba ndi mabelo, ndipo ngodya ya ana ndiyo imayamba kulandidwa. Muikanize. Matumba a chimanga ndi mtedza amabwera ndi makoswe ndi fumbi la mankhwala, feteleza amanyowetsa chilichonse chomutsamira, ndipo fungo la fodya likalowa m'makope silituluka. Pakati pa zimenezi ndi zikwama pakhale mpata wosachepera mita imodzi.

Mukachita zonsezi kwa mwezi wathunthu koma pepala la pachivindikiro likusonyeza kuti mwana mmodzi yekha ndiye akutayabe sabata ndi sabata, vuto lili kunja kwa nyumba. Choyamba pisani dzanja pansi pa chikwama chake, mwina pali chibowo. Ngati palibe, mufunseni muli awiri, mosakalipa, amene amakhala naye pafupi m'kalasi ndi amene amayenda naye panjira. Ana ena amalandidwa ndi akuluakulu anzawo n'kumaopa kunena, ena amasinthanitsa pensulo ndi chitumbuwa chifukwa anachoka pakhomo osadya, ena amagawira mnzawo amene alibe. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi mankhwala ake, ndipo palibe chimene chimatha ndi mkwapulo. Mukamva yankho lake, pitani mukaonane ndi aphunzitsi a kalasi yake nthawi yoweruka, mutatenga pepala lija kuti aone masiku ake.